Tinkamuyamikira kuti salira

Tsiku loyamba kumuona anatithamangira yekha. Tinali titangotsika galimoto pabwalo la nyumba ina yosungirako ana amasiye kwathu ku Malawi, ndipo kamtsikana kovala diresi loposa msinkhu wake kanapitirira anzake onse n'kudzandigwira miyendo, kakuti, "Amayi, nyamule." Ine misozi mbwee. Tinali titakhala m'banja zaka 11 popanda mphatso, ndiye mutha kuona mmene mawu amenewo anandilasira. Amuna anga anati, "Mwaona, wakusankhani yekha." Patangopita kanthawi, ndikulemba dzina m'buku la alendo, ndinacheuka n'kupeza kamwana kaja kali pamiyendo pa dalaivala amene anatibweretsa, kakumukoka ndevu n'kumamutchula kuti ababa. Tonse tinaseka. Sitinkadziwa kuti chimene tikusekachi chidzatigonetsa maso zaka zingapo.

Ine ndine namwino, ndipo ndi amuna anga timakhala ku Leeds, m'dziko la England. Mwanayu mayi ake anamwalira iye ali ndi masabata atatu, ndipo agogo ake aakazi atasowa pogwira pa nkhani ya mkaka anamupereka kumalo kuja. Tinamuona ali ndi chaka ndi miyezi 11. Za kukhothi, za a Social Welfare ndi za viza zinatenganso miyezi ina 11, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Anafika m'nyumba mwathu ali ndi miyezi 34, ndipo anzathu kuno ankatiseka kuti tasanduka a Madonna.

Masabata oyamba ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Mu ndege kuchokera ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa, ana a anthu ena akulira mpaka kusasa mawu, wanga ali phee. Kutchalitchi kumene timasonkhana Amalawi ankalandirana ngati mbale ya ndiwo, uyu wamunyamula, uyu wamutenga, iye akungomwetulira aliyense. Amayi ena anandiuza kuti, "Mwapeza mwana wochezeka, wosavuta. Wanga uyu sapita ndi kwa azakhali ake omwe." Ndinkanyadira. Kwathu mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana wosasankha anthu timati waleredwa bwino.

Chimene chinanditsegula maso ndi chitseko. Tsiku lina ndikutuluka kukhitchini ndinakankha chitseko ndi phazi, manja ali ndi poto. Sindinamve kanthu. Patapita mphindi mwina khumi ndinaona madontho a magazi pansi, ndinawatsata mpaka kuseri kwa sofa. Anali atakhala pamenepo, atagwira kadzanja kake, chikhadabo cha chala chapakati chikulendewera, akugwedezera thupi kutsogolo ndi kumbuyo. Maso ouma gwa. Nditamuyandikira anabisa dzanja kumbuyo n'kundimwetulira, kumwetulira komwe kuja kwa kutchalitchi. Ndasamalira odwala zaka zambiri, ndimadziwa ululu wa chala chopanidwa. Munthu wamkulu amakuwa. Mwana wanga anapita kukabisala.

Zina zinayamba kuonekera ngati zinkangodikira. Ndinapeza mbamu za nsima zitauma m'pilo, buledi m'masokosi, nthochi yowola kunsi kwa matiresi. Pakudya sankadziwa kukhuta, ankadya mpaka kusanza, ukamuchotsera mbale n'kumanjenjemera. Usiku sankaitana munthu. Tinkangomva gu, gu, gu, akumenyetsa mutu pakhoma la bedi mpaka tulo timupeze. Kenaka, patatha miyezi ngati itatu, mwana wosalira uja anayamba kuphulika, koma pa zinthu zopanda mutu. Kapu yake yobiriwira ikakhala kuti ili m'sinki, ankadzigwetsa pansi, kuluma, kukanda, ola lathunthu osatonthozeka. Chala chitapanidwa analibe msozi, koma kapu inkagwetsa nyumba.

Apongozi anga pa foni anati, "Mukumulera ngati dzira mwanayo. M'mera mpoyamba, mukapanda kumuwongola pano mudzalira ndinu." Sindiwaimba mlandu, analera ana asanu ndi awiri onse n'kukhala anthu. Kumenya sitinafune, choncho tinatsata za kuno: mwana akalakwa umamuika payekha kwa mphindi zingapo. Ndinkamuika m'chipinda n'kutseka. Ankangoti zii nthawi yomweyo, ine n'kumati zathandiza. Tsiku lina ndinasuzumira ndipo ndinamupeza ali pakona akudzigwedeza, maso ali dwii kukhoma, ngati m'thupimo mulibe munthu. Pa zolakwa zanga zonse, ichi ndi chimene chimandiwawabe. Ndinkamulanga ndi chinthu chomwe chija chinamuvulaza.

Tinakafuna thandizo atatisowa m'sitolo yaikulu. Ndinangotembenuka kutenga mafuta ophikira, mwana palibe. Anamupeza mlonda pakhomo lotulukira, atagwira dzanja la bambo wina wosamudziwa amene nayenso anali kakasi. Pomubweza kwa ine sanaonetse kuti anandisowa. Dokotala wathu anatitumiza kwa katswiri woona za maganizo a ana, mayi wachikulire amene anagwira ntchito ndi ana otengedwa kumaiko ena kwa nthawi yaitali. Funso lake loyamba silinali la kapu kapena la kuluma. Anafunsa kuti, "Akavulala amathamangira kwa ndani?" Ine ndi amuna anga tinangoyang'anana.

Zimene anatifotokozera ndinaziphunzirapo kusukulu ya unamwino, koma sindinaziganizirepo pa mwana wanga. Munthu akaona choopsa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tili pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa homoni yotchedwa cortisol, imene imakonzekeretsa thupi kulimbana ndi vutolo. Ngakhale popanda choopsa, cortisol ali ndi kayendedwe kake: amakwera m'mawa munthu akangodzuka, n'kumatsika tsiku lonse mpaka usiku. Khanda silitha kudzitonthoza lokha. Likamva njala, kuzizira kapena mantha limalira, wina amabwera, amalinyamula, thupi limabwerera m'malo. Zikachitika kambirimbiri, ndi munthu mmodzimodzi, thupi limaphunzira nthawi yodzidzimuka ndi nthawi yopuma. Nanga khanda likalira koma osabwera munthu? Kapena lero wabwera uyu, mawa wina, mkuja palibe? Limasiya kulira, chifukwa kulira n'kuwononga mphamvu. Limaphunzira kudzigwedeza lokha poti palibe womugwedeza. Ndipo limaphunzira kuti wamkulu aliyense wodutsa ndi mwayi, umugwire msanga asanakulande anzako.

Apa m'pamene ndinakumbukira zimene ndinaona kumalo kuja koma osaziona. Chipinda cha makanda chinali chaukhondo, maneti a udzudzu ali bwinobwino, phala likuphikidwa pa nthawi yake. Koma usiku mayi mmodzi ankayang'anira ana khumi ndi awiri. Ndinamuona masana ena akumwetsa atatu nthawi imodzi, botolo lina atalitsamiritsa pa thaulo. Amayi amenewa sindingawanene choipa, ankagwira ntchito ya anthu anayi, ndipo kunyumba kwawo anasiya ana awo. Koma anali a mashifiti, ena ankasiya ntchito, ena n'kulowa. Kuwonjezera apo kunkabwera alendo ochokera kunja, kukhala masabata awiri akunyamula ana n'kumajambulitsa, kenaka n'kukwera ndege akulira. Mwana wanga asanakwanitse zaka zitatu anali atadutsa m'manja mosawerengeka. Chakudya anali nacho. Chimene analibe ndi msana umodzi woti n'kuutcha wake.

Usiku ndikaweruka ndinayamba kuwerenga, ndipo pafupifupi zonse zinkandibweza ku Romania. Mu 1966 boma la Nicolae Ceaușescu linaletsa kuchotsa pakati pofuna kuchulukitsa anthu, umphawi unakula, ndipo pomwe ulamuliro wake unkagwa mu December 1989, ana oposa 100,000 anali m'nyumba za boma, ambiri akungogona m'timabedi tachitsulo popanda wowalankhula. M'zaka za m'ma 1990 Mary Carlson ndi Felton Earls a ku yunivesite ya Harvard ku America anayeza malovu a ana ena a m'nyumba zimenezi n'kupeza kuti cortisol wawo sankatsata kayendedwe kaja kokwera m'mawa n'kutsika madzulo. Pambuyo pake Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah anayambitsa kafukufuku ku Bucharest, likulu la Romania, ndi ana 136 a m'nyumba zomwezo. Anachita maere, theka linapita m'mabanja olera, theka linatsala. Anawo atafika zaka 12 anawaika pa mayeso opanikiza maganizo. Otsala aja matupi awo sankadzidzimuka mokwanira, cortisol ankangokhala ngati wagona. Amene anapita m'mabanja asanakwanitse miyezi 24 matupi awo ankayankha pafupifupi ngati a ana okulira kwawo.

Ndinawerenga pamenepo kawiri, ndinawerengetsa zala. Wanga anatuluka ali ndi miyezi 34. Pa tsiku lomwe tinamuona koyamba anali ndi 23. Ndinalira m'bafa kuti amuna anga asamve, ndikuganiza miyezi 11 ija imene tinkadikira zidindo.

Kafukufuku wa kuno ku Britain, woyambitsidwa ndi Michael Rutter, anatsata ana 165 ochokera ku Romania, otengedwa ndi mabanja a kuno, mpaka atakula. Amene anakhala m'nyumba zija miyezi yosakwana isanu ndi umodzi anakula mofanana ndi ana otengedwa konkuno. Amene anapitirira pamenepo, ambiri anali ndi mavuto amene ine ndinkawaona pabalaza panga: kusaopa alendo, kusakhazikika, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti nzeru za m'kalasi zinabwerera mwa ambiri pofika pa ukulu, koma kusakhazikika kuja kunakakamira, ndipo ena anayamba kuvutika ndi nkhawa atakula. Zinaonetsanso kuti mmodzi mwa asanu alionse a gulu lokhalitsali anakula popanda vuto lililonse. Katswiri wathu uja atamva kuti ndikuwerenga zimenezi pakati pa usiku anandidzudzula. Anati ana a ku Romania anaona zoopsa zoposa kutali zimene wanga anaona, ndipo nambala ya miyezi si chigamulo cha khothi. Anati ndisiye kuwerengetsa zala, ndiyambe kubereka.

Kubereka kwenikweni, kwa kumbuyo. Anandifunsa mmene timanyamulira ana kwathu, ndipo nditamuonetsa ndi chitenje anawomba m'manja. Ndiye ndinayamba kubereka mwana wa zaka zitatu, pophika, pochapa, popita kusitolo azungu akundiyang'ana. Sizinali zovuta poti anali wopepuka: zovala zake zinali za mwana wa chaka ndi theka. Madokotala oona ana otere amati pa miyezi pafupifupi itatu iliyonse imene mwana wakhala m'nyumba zotere, amatsalira mwezi umodzi pa kutalika, ndipo si nkhani ya chakudya chokha. Masiku oyamba kumsana ankauma ngati thabwa, miyendo ili tantha, osadziwa kuti mutu auike pati. Mwana wa Chimalawi wosadziwa kuberekedwa! Panapita masabata asanu ndi limodzi kuti tsiku lina, ndikuvundula nsima, ndimve tsaya lake likutsamira pakati pa mapewa anga.

Chovuta kwambiri chinali cha anthu. Tinauzidwa kuti kwa miyezi ingapo womudyetsa, womusambitsa, womunyamula ndi womutonthoza akhale ine kapena bambo ake basi. Akathamangira mlendo, mlendoyo amupatse moni n'kumulozera kwa ife. Kwa azungu zimenezi n'zosavuta. Kwa ife ndi mwano. Taganizani kuuza mayi wamkulu wa mumpingo amene watambasula kale manja kuti, "Pepani amayi, musamunyamule." Ena anatinena kuti tayamba chizungu, ena kuti tikuopa kuti amulodza. Mlamu wanga anabwera kuchokera ku Manchester ndi maswiti, ndinamupempha kuti andipatse ine ndipereke, ndipo sanatiimbire foni miyezi iwiri. Ndikanakhala kuti ndikuyambanso, ndikanayamba ndawakhazika pansi onse mwanayo asanafike, n'kuwafotokozera bwinobwino. Amene ndinawafotokozera mofatsa anamva, ndipo ena anasanduka alonda athu. Amayi aja anandiyamikira za mwana wochezeka ndi amene pambuyo pake ankauza anzawo kuti, "Musiyeni apite kwa amake."

Za chakudya tinasiya kulimbana nazo. Tinagula kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chivundikiro, tinaikamo mabisiketi ndi mtedza, n'kumuuza kuti ndi kake, kazikhala pafupi ndi bedi, ndipo kakatha tidzadzazanso. Masiku oyamba ankatha zonse usiku umodzi. Tinkadzaza osanena kanthu. Patapita miyezi ankangotsegula, kuyang'ana, kutseka. Nsima ya m'pilo inatha yokha. Kumutsekera payekha tinasiyiratu. Akaphulika ndinkakhala naye pansi pomwepo, osalankhula zambiri, nthawi zina ndikung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi, mpaka mphepo idutse. Kulangiza kunkabwera pambuyo, thupi litazizira, chifukwa mwana amene ali pa mantha makutu ake amakhala otseka. Tinaphunziranso kumuuziratu chilichonse: tikadya tisamba, tikasamba bambo awerenga buku, mawa amayi apita kuntchito ndipo abwera iwe utadya chamadzulo. Kapu yobiriwira ija tinagula zitatu. Ndinasiya mashifiti a usiku chaka chathunthu, ndalama zinachepa, ndipo kumudzi tinatumiza zochepa chaka chimenecho. Chichewa sitinamulande. Anali atataya kale nkhope zonse, fungo ndi kutentha kwa dzuwa zimene ankazidziwa, sitinafune kuti atayenso mawu.

Musaganize kuti ndinali mngelo. Panali masiku amene ndinkakhala m'galimoto panja pa nyumba mphindi makumi awiri ndisanalowe. Kukonda mwana amene akukupatsa kumwetulira komwe akupatsa wogulitsa m'sitolo kumatopetsa mtima, ndipo ndinkachita manyazi kuuza munthu, poti mwanayu tinachita kumupempha kwa Mulungu zaka 11. Gulu la makolo anzathu olera ana otengedwa ndi limene linandithandiza, poti kumeneko munthu umatha kunena kuti "lero sindinamufune" popanda wokutulutsira maso.

Analira patatha miyezi khumi ndi inayi. Tinali kupaki, anagwa pa katungwe n'kusupuka bondo, bala laling'ono loti n'kungopukuta. Anadzuka, anayang'ana uku ndi uku. Pafupi naye panali amayi awiri achizungu, mmodzi anali atawerama kale kuti amudzutse. Anamulambalala. Anathamanga bwalo lonse pakamwa pali yasa, akukuwa kuti "Amayi! Amayi ineee!" mpaka kudzagwera pa ine, mamina ndi misozi thapsa pabulauzi. Analira mwina mphindi khumi ndi zisanu chifukwa cha kabala kameneko, ine ndikulira naye, amayi aja akudabwa kuti kodi bondo lathyoka. Madzulo ndinaimbira apongozi kuti mdzukulu wawo walira. Anati, "Ndiye mukusangalala?" Ndinati eya.

Sikuti zonse zinathera pamenepo. Kusukulu kukhala pampando kunali nkhondo, phokoso la m'holo yodyera linkamusokoneza, ndipo mphunzitsi akasintha pakati pa chaka tinkabwerera m'mbuyo miyezi iwiri, mpaka kukodza pogona. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamupeza ndi ADHD, vuto la kusakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo thandizo la kusukulu linayamba kuyenda bwino titawafotokozera aphunzitsi mbiri yake m'malo moibisa. Kuwerenga anachedwa, kenaka anathamanga. Kutalika anakula ngati chimanga cha pachulu, nsapato tinkagula katatu pa chaka. Dokotala anatichenjeza kuti atsikana otengedwa kumaiko ena amene akula mofulumira chonchi nthawi zina amatha msinkhu msanga, choncho tizimuyeza. Zimenezo ndingotchula pang'ono, mwini wake angandikalipire.

Mu 2019 Megan Gunnar wa ku yunivesite ya Minnesota, amene watsata ana otere kwa zaka zambiri, anatulutsa zotsatira zimene ndinaziwerenga nditaimirira m'khitchini. Anatenga ana pafupifupi 300 a zaka 7 mpaka 15, ena otengedwa m'nyumba za ana amasiye za maiko ena, ena obadwira m'mabanja awo. Ankawaimika pamaso pa anthu kuti alankhule ndi kuchita masamu a pamtima, n'kumayeza malovu. Ali aang'ono, otengedwa aja cortisol wawo sankakwera mmene amayenera. Koma pamene ankatha msinkhu ali m'mabanja owasamala, matupi awo anayamba kuyankha ngati a anzawo. Kunena kwina, pa unamwali thupi limafunsanso kachiwiri ngati dziko lino ndi loopsa kapena ayi. Wanga pano ali ndi zaka 13, ndiye tili m'kati mwa nyengo imeneyo. Akamenyetsa chitseko cha kuchipinda kwake, ndimayesetsa kukumbukira zimenezi ndisanatsegule pakamwa. Sikuti nthawi zonse ndimakwanitsa.

Kwa anzanga amene muli kunja ndipo mukuganiza zotenga mwana kumudzi, funsani mafunso amene ine sindinafunse: analowa ali ndi miyezi ingati, usiku amagona ndi ndani, amene amamudziwa bwino ndi mayi uti, akadwala amafuna ndani. Ngati malamulo akulolani kukhala naye pafupi pamene mapepala akuyenda, khalani naye, ngakhale tchuthi chithe. Ndipo funsani za abale. Ana ambiri a m'nyumba zimenezi, kwathu ndi kwina komwe, ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo, chinawapititsa kumeneko ndi umphawi. Agogo ake a mwana wathu anavomera ndi mtima wonse pamaso pa akuluakulu, koma funso limandibwererabe lakuti akanapezeka wowagulira mkaka miyezi isanu ndi umodzi yokha, kodi mwanayu akanagona m'chipinda cha ana khumi ndi awiri? Ndimamukonda kuposa moyo wanga, ndipo funsolo silichoka.

Tinapita naye kukawaona agogo akewo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mudzi wonse unasonkhana pansi pa mtengo wa mango, agogo atayala mphasa, akuti, "Bwera kuno mayi wanga, ndikuone." Mwana yemwe uja amene kale anathamangira dalaivala anabisala kumbuyo kwanga, atakulunga chibakera m'chitenje changa, akusuzumira ndi diso limodzi. Ndinamva wina akunong'ona kuti ana a ku Ulaya ndi odzikuza. Agogo anati, "Musiyeni, akudziwa amake." Anapita kwa iwo tsiku lachitatu, yekha, atawaona akusenda chinangwa.

Kabokosi kaja kadakali m'chipinda mwake. Mwezi watha ndikusesa ndinakatsegula: muli timphira tomangira tsitsi, chaja yakufa, ndi paketi imodzi ya mabisiketi imene inapitirira tsiku lake chaka chatha. Ndinamufunsa ngati ndingataye. Anachotsa chomvera nyimbo khutu limodzi, anayang'ana paketiyo, anati, "Isiyeni kaye, amayi."